Basi ya alendo ku Edinburgh kukamagwa mvula, munthu umaonadi kanthu?

NaPhiri_wa_awiri: Abale ndithandizeni nzeru. Mwezi wa mawa tili ndi tsiku limodzi lokha ku Edinburgh, likulu la Scotland, ine ndi mayi anga, iwowo mawondo amawavuta sangayende mtunda, ndiye ndimaganiza zogula matikiti a mabasi aja opanda denga pamwamba, omwe umakwera ndi kutsika pomwe wafuna. Koma aliyense akungondiuza zoti kumeneko mvula siichedwa kugwa. Kukakhala mvula umaonadi kanthu kapena umangonyowa ndalama zitapita?

Mlendo77: Kwerani mayi musakayike, bola mudziwe kakhalidwe kake. Ine ndinakwera kukugwa mvula yowaza tsiku lonse, ndinayamba kukhala pansi koma magalasi anadzaza nthunzi moti kunja osaoneka bwinobwino, ndinkangopukuta ndi mkono wa jekete. Kenako ndinakwera pamwamba chakutsogolo, mabasi ambiri mbali imeneyo ndi yofolera, apo ndiye zinayenda, Edinburgh Castle, linga lakale la mafumu lija, pamwamba pa thanthwe lake lakuda mvula ikutsetsereka, zokongola kwambiri. Mipando imeneyo imatha msanga ndiye mulawire. Koma kwa mayi anu masitepe okwerera pamwambawo ndi opanikiza, muwaganizire.

AchimweneJ: Ine maganizo anga ndi akuti tsiku la mvula basiyo muitenge ngati yokuchotsani pa denga lina kukusiyani pa denga lina. Tikiti imagwira maola 24 ndiye mulibe chothamangira. Tsikani pafupi ndi National Museum of Scotland pa Chambers Street, kulowa ndi ulere, muli ma lifti ndi mipando yopumira, mayi atha kukhalamo maola awiri osatopa. Mukatero mukwerenso mukatsike kumunsi kwa msewu wa Royal Mile komwe kuli nyumba yachifumu ya Palace of Holyroodhouse, moyang'anana ndi nyumba ya malamulo ya Scotland yomwe inatsegulidwa mu 2004. Nyumba ya zojambula ya Scottish National Gallery pa msewu wa Mound nayonso ndi yaulere.

Chomwe ndikuchenjezeni ndi Castle. Basi siifika pakhomo, imakusiyani chakumunsi ndipo kotsalako ndi chitunda cha miyala ija yoyala yakalekale, ikanyowa imaterera zoopsa, komanso mkatimo malo ambiri ndi a panja mphepo ikuwomba. Mzinga umene amawomba ku Castleko 1 koloko masana kuyambira 1861 mutha kuumva muli ku Princes Street, kupatula Lamulungu samawomba.

NaPhiri_wa_awiri: Zikomo achimwene, za chitundazo sindimadziwa, ndimaona ngati basi imakafika pageti penipeni. Nanga ambulera titenge?

Mlendo77: Ambulera ayi mayi, mphepo ya kumeneko imaitembenuza, ndipo pamwamba pa basi mungatchingire anzanu akumbuyo. Tengani majekete a mvula okhala ndi chipewa, nsapato zosaterera, ndi kapulasitiki koyala pampando chifukwa mipando imakhala yonyowa ngakhale mvula itakata. Mahedifoni amakupatsani m'basimo, mumamva mbiri ya Old Town ndi New Town, zigawo ziwiri za mzindawu zomwe bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wake wa malo ofunika a mbiri mu 1995. Chinanso ngati ulendowu ndi wa mu December, 4 koloko isanakwane kumakhala kutayamba kuda, ndiye kuzungulirako muyambe m'mawa, za m'nyumbazo muzisiye masana.

NaPhiri_wa_awiri: Ndi wa mu November. Tiyamba m'mawa ndithu, mayi akhala pansi pafupi ndi khomo ine ndizikwera pamwamba kukajambula n'kumatsika kudzawaonetsa.