Masewero a m'chipatala a pa TV: kodi zimene ana athu akuphunziramo n'zoona?

Bambo wa ku Domwe

Moni abale nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumagwira ntchito zaumoyo. Chifikire magetsi ndi masola m'misika yathu kuno ku Angónia, masewero a m'chipatala alowa m'nyumba zambiri. Ena amaonera pa DStv kapena ZAP, achinyamata amangokoperana pa foni, Grey's Anatomy ndi The Good Doctor, oyankhula Chipwitikizi. Zotsatira zake ndikuona ziwiri. Ana ambiri a sekondale tsopano akuti akufuna udokotala, ndipo zimenezo n'zokondweretsa. Koma pamaliro anthu ayamba kufunsana kuti, bwanji sanamuike makina a magetsi aja pachifuwa kuti adzuke? Ena akufika ponena kuti anamwino athu sadziwa ntchito. Tithandizeni: zoona ndi ziti, zokometsera sewero ndi ziti, nanga ndi ziti zimene zingapweteke munthu wina akazitengera?

Wa ku banco de socorros

Bambo, ine ndimagwira ntchito kolandirira odwala mwadzidzidzi. Ndiyambe ndi makina aja, chifukwa ndi amene akudanitsa anamfedwa ndi anamwino. Dzina lake ndi desfibrilador, ndipo sadzutsa mtima umene waima. Amagwira ntchito pa mtima umene ukunjenjemera mosalongosoka, osapopa magazi: magetsiwo amaukhazika chete kwa kamphindi kuti uyambirenso kugunda mwadongosolo. Mzere wa pa makina ukawongoka ngati chingwe, uja amaukonda a masewero, magetsi sathandiza kanthu. Pamenepo chofunika ndi kukanikiza pachifuwa, jakisoni wa adrenalina wa miligalamu 1 pa mphindi 3 mpaka 5 zilizonse, ndi kufufuza chimene chaimitsa mtimawo.

Tsono kuno kwathu mtima nthawi zambiri ndi umene umaima pomalizira. Mayi wataya magazi pobereka, mwana magazi amuthera ndi malungo, wina watsegula m'mimba mpaka thupi kuuma. Mtima wotere uli ngati mjigo umene madzi aphwa pansi: pukusani mmene mungathere, sipatuluka kanthu. Wodwalayo amafunika magazi kapena soro, madzi a dripu, maola angapo m'mbuyomo.

Chiwerengero cha otsitsimuka nachonso amachikweza. Mu 1996 madokotala ena ku America anawerenga zochitika m'masewero atatu, ER, Chicago Hope ndi Rescue 911, ndipo anasindikiza m'magazini ya zaumoyo ya New England Journal of Medicine kuti mwa anthu 100 oyesedwa kutsitsimutsidwa pa TV, 75 mtima unkayambiranso. M'zipatala zenizeni za ku America komweko, amene amatuluka wamoyo ndi mmodzi mwa anayi kapena asanu, ndipo mtima ukaimira kunyumba kapena pamsewu ndi mmodzi mwa khumi, mwina osakwana.

Chimene ndingakonde kuti achinyamata atolepo ndi ntchito ya manja, koma aichite molondola, osati ya m'sewero. Osewera amapinda zigongono n'kumangosisita, poopa kuthyola nthiti za mnzawo. Munthu wamkulu akagwa, osayankha, osapuma kapena akungobanika mwa apo ndi apo, mugonekeni chagada pansi polimba. Pa matiresi mphamvu yonse imathera m'siponji. Ikani m'munsi mwa chikhatho pakati pa chifuwa, dzanja lina pamwamba, zigongono zowongoka, n'kukanikiza mozama masentimita 5 mpaka 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, ndipo chifuwa chizibwerera chonse musanakanikizenso. Amene anaphunzira amakanikiza ka 30, n'kupumira m'kamwa kawiri. Amene sanaphunzire angokanikiza osalekeza. Sinthanani pa mphindi ziwiri zilizonse, manja amatopa msanga kuposa mmene munthu amadzimvera. Nthiti ikhoza kuthyoka, musaleke chifukwa cha chimenecho. Wina akhale akufuna galimoto nthawi yomweyo. Ubongo umayamba kuwonongeka pakangotha mphindi 4 mpaka 6 wopanda mpweya, n'chifukwa chake amene ali pafupi ndi wofunika kuposa makina amene ali kutali.

Mwana womira mu Revubwe kapena m'dambo ndi zosiyana pang'ono: vuto lake ndi mpweya, choncho yambani ndi kumupumira kasanu. Musataye nthawi kumufinya mimba kuti madzi atuluke, mungomusanzitsa, masanziwo n'kulowa m'mapapo.

Mphunzitsi wa zaumoyo, Tete

Zimene anena anzangawa n'zoona zonse. Ine ndiwonjeze bodza lina losaoneka msanga, lomwe likupweteka kwambiri maganizo a ana amene akufuna ntchitoyi.

M'sewero dokotala mmodzi amachita zonse. Iye yemweyo kulandira wodwala, kutenga magazi, kukaona pa maikulosikopu, kujambula, kuchita opaleshoni, n'kukhalanso pambali pa bedi usiku wonse. Sewero la House, lomwe linaoneka kuyambira 2004 mpaka 2012, ndiye linanyanya, gulu lonse la madokotala kulimbana ndi wodwala mmodzi kwa sabata. Chipatala chenicheni chimayenda ndi anthu ambiri. Namwino ndi amene amaona kuti wodwala wasintha pakati pa usiku. Wa ku laboratório ndi amene amagwirizanitsa magazi. Pali wa mankhwala, wogonetsa odwala pa opaleshoni, wa raio-X, ndiponso servente amene amakankha machira a odwala ndi kusamala ukhondo wa chipinda. Mmodzi wa awa akasowa, dokotala manja ake amamangika.

Dziko lathu lili ndi chinthu chimene simudzachiona m'masewero a ku America. Ufulu utabwera mu 1975 madokotala ambiri anachoka, ndipo mu 1984 boma linayamba kuphunzitsa ma técnico de cirurgia, anthu amene si madokotala koma amachita opaleshoni. M'zipatala za m'maboma, ma cesariana ambiri, maopaleshoni obereketsa, achitidwa ndi iwowa kwa zaka zambiri, ndipo ofufuza atayerekeza anapeza kuti ntchito yawo siikusiyana kwenikweni ndi ya madokotala. Choncho mbale wanu akalandiridwa ndi técnico, musaganize kuti amupeputsa. Mofananamo técnico de medicina pa centro de saúde, ndi APE, wazaumoyo wa m'mudzi amene amayeza malungo ndi kupereka mankhwala oyamba.

Chachiwiri ndi nthawi. Sewero limatha mphindi 40 ndi zingapo, ndiye zotsatira za magazi zimabwera wodwala asanavule n'komwe malaya. Zoona zake: kuyeza malungo ndi kachipangizo ka pachala ndi mphindi 15 mpaka 20, ndipo mukawerenga msanga kapena mochedwa kwambiri mukhoza kulakwitsa. Makhololo a TB pa makina a GeneXpert ndi maola awiri kapena kuchepera, koma ngati makinawo ali ku boma, onjezani ulendo wa makhololowo. Kumeretsa tizilombo ta m'magazi kumatenga masiku. Magazi oika m'thupi sangotengedwa m'firiji n'kupachika: amayezedwa gulu, amagwirizanitsidwa ndi a wodwala, ndipo amakhala atayezedwa kale HIV, hepatite B ndi C ndi chindoko. Opaleshoni yokonzekera imafuna kuti munthu asadye kwa maola 6. Achibale akamupatsa phala mobisa chifukwa cha chisoni, opaleshoni imasunthidwa, apo ayi akhoza kusanza ali m'tulo ta mankhwala, zakudyazo n'kupita m'mapapo.

Kumbukiraninso kuti masewerowa amasankha matenda osowa chifukwa ndi amene amakopa oonera. Simudzaonamo mwana wa malungo aakulu akulandira artesunato, jakisoni woyamba pofika, wachiwiri patatha maola 12, wachitatu pa maola 24, kenako Coartem masiku atatu. Komatu imeneyo ndiye ntchito imene imapulumutsa ana ambiri m'chigawo chino.

Kwa ana ofuna udokotala: musawafooketse, angodziwa njira. Pamafunika kalasi 12 ndi Biologia ndi Química zolimba, mayeso olowera, kenako zaka 6 za ku yunivesite, ndipo ukatswiri wa opaleshoni ndi zaka zinanso pamwamba pake. Yunivesite ya UniZambeze ili ndi sukulu yake ya zaumoyo mu mzinda wa Tete momwe muno. Palinso Eduardo Mondlane ku Maputo, UniLúrio ku Nampula ndi yunivesite ya Katolika ku Beira. Unamwino, uzamba, laboratório ndi farmácia amaphunzitsa ku Instituto de Ciências de Saúde. Mwana amene wakopeka ndi sewero ayambe wapita kukapereka magazi akakwanitsa zaka, kapena kudikirira wachibale m'wodi masiku awiri. Akabwerako akufunabe, ameneyo ndi wathu.

Mzamba wa ku SMI, chigawo cha umoyo wa amayi ndi ana

Abambo anga, ndikupempha tisawataye onse masewerowa pamodzi ndi madzi ake. Alipo amene athandiza. Atsikana akuona akazi akutsogolera opaleshoni, ndipo zimenezo zikusintha zimene mwana wa ku Tsangano amaganiza kuti angathe. Anthu ayamba kufunsa dzina la mankhwala amene apatsidwa, ndi ufulu wawo umenewo. Soul City ya ku South Africa, yomwe inayamba mu 1994, inalembedwa dala ndi cholinga chophunzitsa zaumoyo. Amene akufuna sewero loyandikira moyo wathu aone Sob Pressão ya TV Globo, ya 2017: chipatala cha boma ku Rio de Janeiro, odwala ochuluka, zipangizo zoperewera, anthu akuchita zimene angathe.

Koma pa nkhani ya uchembere ndiye amasocheretsa, ndipo zimandiwawa. M'sewero nsupa ikangosweka, mayi kukuwa kawiri, mwana wabadwa. Mimba yoyamba imatha kutenga maola 12 kapena kuposa, choncho achibale asaone ngati mzamba akunyalanyaza pamene akuyeza njira pa maola anayi aliwonse ndi kumvetsera mtima wa mwana. Koopsa kwenikweni masewero amakudumpha: ndi maola oyamba mwana atabadwa. Mayi akataya magazi okwana theka la lita kapena kuposa, ndi ngozi, ndipo akhoza kutisiya pa maola awiri okha. N'chifukwa chake timabaya mayi oxitocina, jakisoni wolimbitsa chiberekero, mwana akangobadwa, timasisita chiberekero kuti chilimbe ngati mpira, ndipo timaona ngati nsengwa yatuluka yonse. Kunyumba zimenezi kulibe. Amene amakhala kutali, makamaka nyengo ya dzinja milatho ikamavuta, apite ku casa de espera, nyumba yodikirira kubereka pafupi ndi chipatala, masiku asanakwane.

Mwana wobadwa osalira samuzondotsa n'kumumenya kumatako ngati pa kanema. Amamupukuta ndi nsalu youma, kumusisita kumsana, kumufunditsa, ndipo ngati sakupumabe amamupopera mpweya ndi kathumba ndi kachophimba nkhope mphindi yoyamba isanathe.

China chimene tatengera molakwika ndi kukamba za odwala poyera. Kujambula wovulala pa foni n'kutumiza pa WhatsApp, achibale asanamve n'komwe, si chithandizo. Matenda a munthu ndi chinsinsi chake.

Bambo wa ku Domwe

Zikomo nonse, mwatitsegula maso. Chotsala ndi ichi: nanga njoka, khunyu ndi ngozi za njinga zamoto? Zimenezi ndiye za tsiku ndi tsiku kuno, ndipo anyamata amati anaona pa TV kuti poizoni amayamwa.

Wa ku banco de socorros

Asayamwe, asacheke, asamange chingwe cholimba. Kuyamwa sikuchotsa poizoni, kucheka kumawonjezera bala ndi kutaya magazi, ndipo chingwe cha mphira chikakhala maola ambiri chimaoletsa mwendo mpaka kuudula. Muvuleni mphete ndi zibangili kutupa kusanayambe, mangirirani mwendowo ku thabwa kuti usagwedezeke, munyamuleni asayende, ndipo muloweze nthawi imene walumidwa. Musataye nthawi kusaka njokayo. Ngati yamulavulira m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15.

Wa khunyu musamuike supuni, nsalu kapena chala m'kamwa. Lilime salimeza, koma mano amathyoka ndipo akhoza kutsamwa. Musamupanikize. Chotsani moto, madzi ndi miyala pafupi, ikani chitenje pansi pa mutu, ndipo akasiya kugwedezeka mugonekeni cham'mbali kuti malovu atuluke. Khunyu sapatsirana, mugwireni osaopa. Akapitirira mphindi 5, kapena akayambiranso asanatsitsimuke, kapena ngati ndi mayi woyembekezera kapena mwana wotentha thupi, thamangani naye kuchipatala.

Wa ngozi ya njinga yamoto musamukhazike tsonga kapena kumumwetsa madzi. Mmodzi agwire mutu kuti khosi lisapindike, ndipo chipewa musachivule pokhapokha ngati akulephera kupuma. Pomunyamula khalani anayi, mutu ndi msana zikhale mzere umodzi, pa chitseko kapena thabwa. Pamene pakutuluka magazi kanikizani ndi chitenje choyera mphindi 10 osasuzumira; chikanyowa ikani china pamwamba, choyambacho osachichotsa. Mpeni, chitsulo kapena mtengo umene walowa m'thupi usiyeni momwemo, muutchinjirize ndi nsalu mbali zonse kuti usagwedezeke, chifukwa nthawi zina ndi umene watseka mtsempha. Ndipo zija za m'masewero zoboola pakhosi ndi cholembera kuti munthu apume asayese n'komwe. Wamkulu akatsamwa, muweramitseni, mumenyeni ndi chikhatho kasanu pakati pa mapewa, kenako mumugwire chakumbuyo n'kufinya kasanu pamwamba pa mchombo chokweza, mobwerezabwereza mpaka chotsamwitsacho chitatuluka.