Land Rover ija tinaisintha madifu

Mwezi watha ndinafunsa za Land Rover Series III imene anandisiyira malemu bambo. Ikafika pa liwiro la makilomita 80 pa ola pamsewu wa M1, injini inkalira ngati chigayo, osamvana ndi munthu wokhala pambali. Ambiri munati ndichotse madifu (magiya amene amagawira mateyala mphamvu ya injini) a 4.7 ndiike a 3.54 a Range Rover yakale kuti injini isamazungulire kwambiri, ena munati ndisake ovadiraivi (giya yowonjezera yoyendera pa liwiro lalikulu) ya kampani ya Fairey. Ovadiraiviyo sindinaipeze, ndiye tinasintha madifu, wakutsogolo ndi wakumbuyo womwe. Mukasintha mmodzi yekha, tsiku lolowetsa 4x4 mudzaphwanya zitsulo.

Abale, kuchoka ku Nchalo kukafika ku Bangula, ngati galimoto ina! Kuzungulira kwa injini kwatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Dzana mayi anga anagona tulo njira yonse, chitenje chili kumaso, zomwe sizinachitikepo m'galimoto imeneyi.

Vuto lili pachitunda cha ku Thabwa pokwera ku Blantyre. Injini ya malita 2.25 ndi yaing'ono. Nditanyamula matumba asanu a mapira ndinakwera ndi giya yachiwiri, maso ali pa singano ya kutentha, ndipo kutentha kwa kuno mukukudziwa. Sipidomita nayo ikunama tsopano: ikamati 60, GPS ya pa foni ikuti 80. Imeneyo ndikonza sabata ino, apolisi apamsewu asanandiimitse.