Thandizeni, masamu a GRE andigwetsa

Moni nonse abale ndi alongo, makamaka inu amene muli kuno ku Harare.

Ndikufuna kukachita masters ya zachuma ku America, koma zotsatira za GRE, mayeso amene mayunivesite ambiri kumeneko amafuna polowera masters, sizinandikomere. Ku Verbal (Chingerezi) ndinapeza 153, ku Quantitative (masamu) 147 basi, pomwe malikisi amayambira 130 kulekezera 170. Pa zachuma amayang'ana kwambiri masamu, choncho 147 singandifikitse patali.

Ndalemba mayeso oyeserera aulere a PowerPrep, ndawerenga buku la ETS, bungwe lokonza mayesowa, ndaoneranso makanema ambiri pa YouTube. Masamuwo ndimawatha ndikakhala phee kunyumba. Chimene chikundipweteka ndi nthawi. Chifupikitsireni mayesowa mu 2023, masamu ali ndi mafunso 27 pa mphindi 47 m'magawo awiri, ndipo kuvuta kwa gawo lachiwiri kumatengera mmene wakhozera loyamba. Ine ndimachedwa pa mafunso oyerekeza Quantity A ndi Quantity B, kenaka a magirafu ndimangolotera. Ndimaweruka madzulo, ndipo magetsi akathima kuno ku Mufakose kuwerenga kumathera pomwepo.

Ndikudziwa kuti amalola kubwereza pakadutsa masiku 21, koma ndalama yolembetsera ndi yambiri, sindingaitaye osakonzeka. Mafomu ndiyenera kutumiza mu Disembala.

Inu amene munakwezapo masamu kufika 160, munkachita bwanji kuti nthawi izikukwanirani? Alipo mphunzitsi wodalirika, kapena kagulu kokumana Loweruka m'tauni? Nanga ndi vuto la magetsili, ndikalembere ku malo a mayeso kapena kunyumba pa intaneti?

Zikomo kwambiri.