Za funso langa lija la Kilwa

Ndinafunsa ngati malonda olumikiza mayiko akutali anabwera ndi Azungu. Ambiri mwati ayi, ndipo ndikugwirizana nanu. Ibn Battuta, munthu woyenda maulendo wa ku Morocco, atafika ku Kilwa, kugombe la Tanzania wa lero, mu 1331, anapeza mzinda wa Asilamu wolemera ndi golide wodzera ku doko la Sofala, ku Mozambique wa lero. Mbale za ku China zinkafika mpaka ku mzinda wakale wamiyala wa Great Zimbabwe. Apwitikizi anadzaulanda mzinda wa Kilwa mu 1505.

Koma wina wandikumbutsa za a Jumbe a ku Nkhotakota, omwe m'zaka za m'ma 1800 ankawolotsa akapolo m'zombo panyanja yathu, ulendo wa ku Kilwa. Izi zandiwawa kwambiri. Angerezi anatenganso nkhani yothetsa ukapolowo ngati chifukwa cholowera m'dziko lino, n'kuyamba kulilamulira mu 1891.