Bwanji tonse tizingolemba ndi mayina athu enieni?

Kanyimbi265:
Abale ine ndatopa nawo anthu a maakaunti a feki, dzulo wina wopanda ndi chithunzi chomwe wanditukwana mpaka kutchula mayi anga, nkhani yake ya mpira basi. Bwanji boma lingolamula kuti aliyense azilemba ndi dzina la pa chiphaso?

MaiWaAwiri:
Pepani achimwene koma ayi. Ine ndimagwira pa ofesi ina yake, bwana akamaba mafuta a galimoto ndingaulule ndi dzina langa? Mawa lake ntchito yatha. Ndiye kuli amayi omenyedwa ndi amuna awo, kuli achinyamata ofuna kufunsa za ma ARV osafuna kuti akumpingo kapena aneba amve, anthu amenewa akapanda kubisa dzina ndiye kuti angofa nazo mumtima.

Chigumula_boy:
Ku South Korea anayesa zimenezo mu 2007, mu 2012 khothi linathetsa lamulolo ati likuphwanya ufulu wolankhula. Komanso pa Facebook pompano ena otukwana koopsa ali ndi dzina lenileni, chithunzi chake cha pa ukwati kkkkk

Gogo_Fulu:
Ana inu mukuyesa mwabisala? Simu tinalembetsa ndi chiphaso mu 2018, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lamangitsa kale anthu chifukwa cha zolemba pa WhatsApp ndi Facebook. Timabisala kwa neba ndi bwana, apolisi akafuna akupezani.

Kanyimbi265:
Ndamva agogo, ndangomubuloka. Koma zotchula mayi angazo eish zikundiwawabe.