Thandizeni, Probox yanga ikulira mabuleki chiikireni mapadi atsopano

Membala wobisa dzina: Moni nonse m'gulu muno. A admin chonde ivomerezeni msanga, nkhani yanga ndi yachangu. Ndine mayi wa kuno ku Salima, ndimachita geni ya mpunga ndi nsomba zouma, ndipo ndili ndi Probox yomwe ndinagula ndi thukuta langa popanda wondiwonjezera. Mwezi watha alamu anga anaibwereka kuti angofika nayo pa Senga Bay, koma anthu anawaona nayo ku Dwangwa atapakira matumba mpaka kumbuyo kutsala pang'ono kukhudza pansi. Anabweza thanki ilibe ndi dontho lomwe, chonsecho mukudziwa mmene mafuta amavutira. Nditadandaula, bambo a kunyumba akuti ndisamachititse manyazi abale. Patapita masiku mabuleki anayamba kumveka zachilendo, ndiye ndinagula mapadi pa shopu ina pa Kamuzu Road. Wogulitsa anati si a original koma ndi abwino, aliyense akugula omwewo. Makaniko wanga wa masiku onse anali ku maliro, amene anamanga ndi mnyamata wake. Chichokereni pamenepo ndikangoponda buleki galimoto ikulira kuti tswiii ngati nkhumba yomwe akuimanga kupita nayo ku msika. Lamulungu ku tchalitchi amayi anzanga onse anacheuka, ena kuseka. Wa shopu akuti katundu wotsegula sabwezedwa, makaniko sakuyankha foni, alamu aja ndiye angoti zii. Loweruka ndili ndi chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga ku Lilongwe ndipo ndine wonyamula azakhali ndi miphika. Kodi ndifika? Nditani ine?

Madala Wa Original: Mayi, mwadziwerengera nokha mlandu. SI A ORIGINAL. Basi nkhani yathera pompo. Ndayendetsa galimoto kuyambira nthawi ya Kamuzu, sindinaikepo chinthu chotchipa pa buleki. Anthu a masiku ano mumagula foni yodula koma pa chinthu chosunga moyo wanu mumafuna cha mtengo wa tomato. Kachotseni zimenezo lero lomwe.

Che Saidi wa pa Chia: Pepani amayi. Koma alamu anuwo akulipireni kaye mafuta. Probox si lole.

Nachisale: Asisi, ine nkhani ya alamuyo ndiye yandiwawa. Wanga anatenga njinga yamoto ya mwana wanga n'kukaichititsa kabaza ku Khombedza mwezi wathunthu. Makiyi muzigona nawo pansi pa pilo, ndakuuzani.

Makaniko wa ku Dwangwa: Amayi, mwafotokoza zambiri koma zomwe tikufuna simunanene. Ikulira nthawi iti? Mmawa wokha mukangoyamba ulendo, kapena tsiku lonse? Mukaponda pang'ono kapena mukaponda mwamphamvu? Nanga mukachotsa phazi imasiya? Chachikulu kwambiri: kumbuyo kwa mapadi akale kumakhala timalata topyapyala, timati mashimu. Mnyamatayo anatisamutsira pa mapadi atsopano kapena anataya limodzi ndi akale? Mapadi ambiri otchipa amabwera opanda timalatati.

Madala Wa Original: Mashimu a chiyani achimwene? Inu amakaniko ndi amene mukuwononga galimoto za anthu. Mumagwirizana ndi a mashopu, munthu agule zabodza, pakatha miyezi iwiri abwerenso mudyenso. Ndikukudziwani bwino.

Makaniko wa ku Dwangwa: Madala, ulemu wanu, koma si padi iliyonse yopanda dzina la Toyota pa bokosi yomwe ndi yabodza. Ku Japan kuli makampani monga Akebono ndi Advics omwe ntchito yawo ndi kupanga mabuleki, ndipo opanga galimoto amagula kwa iwowo. Vuto lathu kuno ndi loti bokosi limatha kulembedwa dzina labwino mkati muli zina. Ndipo ngakhale mugule padi yodula bwanji, mukaimanga pa disiki yokumbika popanda shimu, ilira basi.

Madala Wa Original: Yanga sinalirepo.

Jah Bless Salima: Ikani nyimbo mokweza amayi, simumvanso kanthu. Komanso mwapeza hutala yaulere, a kabaza a pa Kamuzu Road azikupatukirani okha.

Mayi a Tadala: Achimwene, pa nkhani ya mabuleki sitichita nthabwala. Ife chaka chatha tikuchokera ku Lilongwe pa minibasi, potsetsereka mapiri aja mutadutsa pa Mvera, tinayamba kumva fungo la chinthu chopserera. Dalaivala anali atangopondereza buleki njira yonse, kenako akuponda galimoto osamva. Anaikhotetsera m'mbali n'kukaima pa chulu. Ine mpaka lero bondo limandipweteka kukazizira. Msewu umenewo ndi womwe mayiwa akufuna kudutsa ndi azakhali awo, ndiye muziyankha moganiza.

Bambo Phiri Mphunzitsi: Mayi a Tadala anena zoona, ngakhale zomwe zinawachitikirazo ndi zina, kumeneko ndi kutentha kwa mabuleki. Popita ku Lilongwe mukhala mukukwera, pobwerera ndi pomwe pali ntchito. Potsika gwiritsani giya yotsika kuti injini izithandiza kugwira galimoto. Ngati ndi ya otomatiki pali 2 ndi L, kapena B pa zina. Anthu ambiri zilembo zimenezi amangoziona.

Kamnyamata Ka Ndirande: Thirani oilo pang'ono pa disikipo, phokoso litha pompo. Ine njinga yanga ndimatero.

Makaniko wa ku Dwangwa: AYI. Amayi musayerekeze. Oilo, girisi, WD-40, chilichonse choterera chikakhudza disiki kapena nkhope ya padi, galimoto siimanso ndipo mapadiwo ndi otaya. A admin chotsani ndemanga imeneyo isanaphe munthu.

Kamnyamata Ka Ndirande: Ndimangothandiza akulu, osandikalipira.

Madala Wa Original: Mwaona? Mbadwo wake ndi umenewu. Kale munthu asanagwire sipanala amakhala zaka akuphunzira pansi pa galimoto. Lero mwana akaonera kavidiyo pa TikTok mawa watsegula galaja pansi pa mtengo wa mango. Ndiye mukuti dziko litukuka?

Gogo Nabanda: Mwana wanga, galimoto imayenda bwinobwino, wabwereka munthu, yabwera ikulira. Ine sindinena zambiri. Pempherera galimoto yakoyo, si onse amakondwa mkazi akamayendetsa yake.

Che Saidi wa pa Chia: Agogo, pemphero ndi labwino, koma kuno kunyanja chinyezi chokha chimakwanira. Galimoto ikagona panja, mmawa disiki imakhala itachita dzimbiri lofiirira, ukaponda kawiri katatu limachoka phokoso n'kutha. Yanga imatero nyengo ya mvula iliyonse. Komanso mchenga wa ku Senga Bay ndi fumbi la m'misewu yathuyi zimalowa paliponse. Ine kamwala kanalowapo pakati pa disiki ndi chilata cha kumbuyo kwake, kanalira kuchokera pa Benga mpaka pa boma, ndimaganiza kuti tayala likuchoka.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. A Nachisale mwanena zoona, makiyi ndabisa kale. Koma bambo a kunyumba akuti ndawayalutsa pa gulu chonsecho sindinatchule dzina la munthu. Alamu aja atumiza uthenga kuti mabuleki anali otha kale. A Madala, ndalama zogulira ena ndilibe, ndasonkha kale za chinkhoswe ndi nsalu ya yunifolomu. Galimoto ikuima bwinobwino, koma manyaziwa.

Makaniko wa ku Dwangwa: Amayi, za mashimu zija simunayankhebe. Chabwino, ndingonena zomwe mukauze makaniko, wina aliyense wodziwa ntchito. Phokoso limenelo ndi kunjenjemera kwa padi pa disiki, kothamanga kwambiri mpaka kumamveka ngati likhweru. Achotse matayala a kutsogolo onse awiri. Aone ngati mashimu alipo ndi ngati timawaya kapena tizitsulo togwira padi tili m'malo mwake. Atulutse mapini awiri omwe kalipa, chitsulo chopanira mapadi pa disiki, imatsetserekapo, awapukute, awapake girisi wa silikoni. Girisi wamba amatupitsa timphira take pini n'kugwira, ndiye padi imodzi imangokhudza disiki nthawi zonse. Kumsana kwa padi ndi m'makutu mwake apake girisi wa mabuleki pang'ono chabe, osafika kumaso. Kenako ayendetse chala pa disiki itazizira. Ngati ili ndi mizere yakuya kapena mlomo m'mphepete, padi yatsopano sikhala bwino pamenepo. Disiki imatha kupalidwa pa makina, koma pa iyo pomwe pamalembedwa MIN TH ndi nambala ya mamilimita, ikapyapyala kuposa apo ndi yosintha.

Madala Wa Original: Zonsezo ndi ndalama. Mukaphatikiza mupeza kuti bola mukanangogula original poyamba paja. Ndinanena ine.

Bambo Phiri Mphunzitsi: Madala, mwanena kasanu tsopano, tamva. Funso langa kwa a makaniko: ndinamva kuti mapadi atsopano amafuna kuwazoloweretsa. Ndi zoona?

Makaniko wa ku Dwangwa: Ndi zoona aphunzitsi, ndipo anyamata ambiri sachita. Mupeze msewu wowongoka nthawi yopanda anthu ndi njinga. Thamangani mpaka 60, pondani molimba ndithu mpaka liwiro litsike kufika ngati pa 10, osaima, nyamukaninso. Muchite kasanu ndi katatu kapena kakhumi, kenako yendani mphindi zingapo osaponda kuti zizizire. Mukatero padi imasiya kautoto kake kofanana pa disiki. Ngati nkhope ya padi yayamba kale kunyezimira, aipale pang'ono ndi sandipepala musanachite zimenezi. Koma ndinene chilungamo, pali mapadi ena okhala ndi zitsulo zambiri mkati, ouma, amenewo amalira ngakhale mumange bwino chotani, komanso amadya disiki.

Madala Wa Original: EHEE! Wavomera yekha!

Makaniko wa ku Dwangwa: Sindinavomere kanthu madala, ndati ena.

Nachisale: Koma asisi, yunifolomu ya chinkhoswe mwasoketsa kuti? Telala wanga wandikhumudwitsa.

Mayi a Tadala: Inu a makaniko, nanga kusiyanitsa kulira kwa manyazi chabe ndi kulira koopsa?

Makaniko wa ku Dwangwa: Kulira kopyapyala poponda pang'ono, galimoto n'kumaima bwino, nthawi zambiri si ngozi. Koma mukamva kukhukhuluza kwa chitsulo pa chitsulo, kapena pedulo ikulowa pansi kwambiri, kapena galimoto ikukokera mbali imodzi, kapena tayala limodzi likutentha kuposa linzake mutayenda pang'ono, imeneyo isapite ku Lilongwe. Aonenso kumbuyo, Probox kumbuyo ili ndi mabuleki a madiramu, osati a disiki ndi mapadi, ndipo ngati inanyamula katundu woposa muyeso mwina wolirayo si padi n'komwe. Amayi, jambulani mapadi akale ngati mnyamata uja sanataye, mutumize pano tione kumsana kwake.

Jah Bless Salima: Mapadi akalewo mwana uja anagulitsa kale kwa a zitsulo, iwalani.

Madala Wa Original: Ndipo akawapeza aone dzina lolembedwapo. Mupeza kuti anali a original ochokera nawo ku Japan, n'chifukwa chake anakhala zaka zonsezi osalira. Ine Loweruka ndili pa Kaphatenga, ndimva ndekha ikamadutsa.