Ndikayamba Chingerezi, amuna anga akuti ndimasanduka munthu wina

Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili m'banja zaka 6 tsopano. Kunyumba timalankhula Chichewa, koma kuntchito ndimaswera Chingerezi tsiku lonse. Sabata yatha tinasemphana mawu ndi amuna anga, ndipo mkangano uli mkati ndinangopezeka ndayamba Chingerezi osazindikira n'komwe. Iwo anangoti duu, kenako anati: "Ukayamba chizungu chakocho maso ako amauma. Sindidziwanso kuti ndikulankhula ndi ndani."

Mawuwa akundisowetsa tulo chifukwa sananame. M'Chichewa ndimawatchula kuti "inu", ndipo liwu limeneli limandigwira pakamwa, sindingawalalatire. Chingerezi sichisiyanitsa "inu" ndi "iwe", ndiye ndimawayankha ngati ndikutsutsa munthu pamsonkhano, mfundo pamwamba pa mfundo, mawu osanjenjemera. Kupepesa m'Chingerezi sikundivuta ngakhale pang'ono. Koma kunena kuti "ndalakwa, mundikhululukire" kumandikakamira pakhosi mpaka misozi kulengeza.

Ndinawerenga kuti mu 2003 Catherine Harris ndi anzake ku Boston University anayeza kathukuta ka pakhungu ka anthu ochokera ku Turkey amene anaphunzira Chingerezi atakula. Akamva mawu owadzudzulira ana m'chilankhulo chawo chobadwa nacho, thupi linkadzidzimuka kwambiri kuposa akamva a m'Chingerezi. Ndinadziona ndekha pamenepo. Koma François Grosjean, katswiri wa za anthu olankhula zilankhulo ziwiri, akuti chomwe chimasintha munthu ndi malo komanso amene akulankhula nawo, chilankhulo chimangotsatira. Nanga ine bwanji, poti chipinda n'chomwecho, mwamuna ndi yemweyo?

Kodi ndimathawira m'Chingerezi kuti ndisamve kuwawa? Ndikuganiza zoti tigwirizane kuti tikayambana tizilankhula Chichewa chokha, koma ndikuopa kuti ndizingolira osamaliza zomwe zili kumtima. Alipo amene zinawachitikirapo?

Yankho 1: Achemwali, malo anasinthadi, kungoti ndi m'mutu mwanu. Mukapsa mtima mumabweretsa ofesi m'nyumba. Ine ndikayamba kutero mkazi wanga amandigwira dzanja, ndimaima kaye, n'kubwereza zomwezo m'Chichewa. Zina ndimalephera kuzibwereza, zimakhala zaukali kwambiri.

Yankho 2: Musachitaye chonse Chingerezicho, mayi. Ine nkhani ya imfa ya bambo anga ndinayamba kuifotokoza m'Chingerezi, m'Chichewa mawu sankatuluka. Afotokozereni amuna anu zimenezi tsiku lomwe simunayambane, ndipo muwafunse chimene chimawawawa kwenikweni, chilankhulocho kapena kuuma kwa mawu.